Chiwiya Chabwino N'chimene Chimapirira Mthiko

Chaka chatha nditalandira kandalama kanga koyamba, kamene ndinapeza pophunzitsa ana a Fomu 2 patchuthi, ndinaganiza zowagulira mphatso mayi anga. Ndinalowa m'sitolo ina yaikulu mumzinda wa Lilongwe n'kusankha poto wokongola kuposa onse amene anali pashelefu. Anali wofiira kunja, wakuda ndi woterera m'kati, wa zigwiriro zapulasitiki ndi chivundikiro chagalasi. Wogulitsa ananditsimikizira kuti m'poto wotere chakudya sichimamatira. Ndinamufungatira ngati khanda ulendo wonse wa pamsewu wa M1, kudutsa Mponela ndi Madisi, kuwoloka Bua, mpaka kukatsika kwathu ku Lisasadzi m'boma la Kasungu.

Mayi analandira ndi manja awiri nathokoza kwambiri. Atatero anamutembenuza poto uja, kumugogoda ndi chala, kenaka n'kundifunsa kuti, "Kodi mwananga, ameneyu angapirire mthiko?" Ine ndinangoseka, poganiza kuti ndi funso la munthu wosazolowera zinthu zamakono. Milungu itatu isanathe, chigwiriro chimodzi chinali chitasungunuka pamafuwa. Mthiko unapala kuterera konse kuja. Mlongo wanga anamukwecha ndi mchenga monga amachitira ndi mapoto ena onse, ndipo chivundikiro chinasweka mwana atachigwetsa pakhonde. Lero poto uja ali kuseri kwa khola, nkhuku ndizo zimamweramo madzi. Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chiyambire tsiku limenelo funso la mayi lija silinandichoke m'mutu, ndipo ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi. Maganizo anga ndi akuti ife ophunzira, pamodzi ndi mabungwe achitukuko ndi abambo amene amasunga ndalama pakhomo, timalakwa tikamayesa ubwino wa chiwiya chakukhitchini poona kuwala kwake, mtengo wake kapena dziko limene chachokera. Muyeso woona uli m'manja mwa munthu amene amaphika tsiku ndi tsiku. Chiwiya chiyenera kugwirizana ndi chakudya chimene timadya, moto umene tili nawo, ndiponso mmisiri amene angachikonze chikaonongeka. Chikalephera pa zitatuzi, kaya chikhale chodula bwanji, ndi chokongoletsera m'nyumba basi.

Tiyambe ndi chakudyacho. Amene sanaphikepo nsima ya anthu asanu ndi atatu sadziwa kuti ntchitoyi imafuna mphamvu ngati kulima. Madzi akafunda mumathira ufa pang'ono kuti mupange phala, phalalo libwate mokwanira, kenaka muziwonjezera ufa uku mukuvundula. Nsima ikayamba kulimba, mayi amagwira poto ndi kansalu kudzanja lamanzere, nthawi zina kumupanira ndi phazi pafuwa, n'kumakankha mthiko ndi mphamvu zonse za paphewa. Poto wopyapyala amapindika. Poto wopanda pogwira polimba amathawa pamoto. Chitofu chopepuka chimagwedera kapena kugudubuka kumene. Ziwiya zambiri zimene zimadzaza m'masitolo a m'tauni zinapangidwira anthu amene chakudya chawo amangotakasa ndi kasupuni, monga mpunga, supu ndi mazira okazinga. Sizoipa ayi, koma sizinapangidwire ife.

Taonani ziwiya zimene zakhalitsa m'khitchini ya mayi. Mthiko ndi chipande n'zosema ndi akalipentala a m'mudzi momwemo. Lichero ndi lansungwi, ndipo likabooka amaliphatika. Mtondo ndi munsi anazipeza kwa agogo. Pali mphika wadothi umene amaphikira nyemba, chifukwa dothi limasunga kutentha ndipo nyemba zimapitiriza kupsa ngakhale moto utachepa. Pali mtsuko umene umaziziritsa madzi akumwa m'mwezi wa Okutobala popanda waya wamagetsi: timadzi timene timatulukira m'timabowo ta dothilo tikamauma, timachotsa kutentha m'kati. Palinso poto wochindikala wa aluminiyamu amene amisiri amachita kusungunula zitsulo zakale n'kuumba. Ndi wosaoneka bwino, wakuda ndi mwaye, koma wavundulidwamo nsima kuyambira ine ndisanabadwe. Chilichonse mwa zimenezi chinayesedwa ndi mthiko, ndi moto wankhuni, ndi manja a ana, n'kupambana.

Wina anganene kuti ndikungoikira kumbuyo zachikale, ndipo kuti anthu akumudzi amakana zatsopano chifukwa chosaphunzira. Zimenezi si zoona, ndipo umboni wake uli m'chiyankhulo chathu chomwechi. Monga wophunzira za ziyankhulo, ndaona kuti chiwiya chikalandiridwa ndi anthu, dzina lakenso limalandiridwa n'kuvala malaya a Chichewa. Mawu akuti poto, ketulo, supuni, foloko, kapu, beseni ndi fulasiki onse ndi obwereka, koma lero amatsata malamulo athu ochulukitsira mayina: mapoto, maketulo, masupuni, mabeseni. Sefa anafika mpaka pokhala ndi mneni wakewake, kusefa. Palibe amene anachita msonkhano pansi pa mtengo kukakamiza amayi kuti agule sefa kapena fulasiki. Anaona okha kuti sefa amapepuza ntchito yosera ufa palichero, ndiponso kuti fulasiki imasunga tiyi kapena phala la mwana mpaka kumunda. Koma rice cooker, blender ndi microwave mpaka pano timazitchula m'Chingerezi momwemo, lilime likuchita kupunthwa. Ndi alendo amene sanapatsidwebe malo pamphasa.

Chitsanzo choposa zonse ndi chigayo. Agogo anga aakazi amasimba za kudzuka tambala woyamba kukasinja mphale pamtondo mpaka zikhatho kuchita matuza. Chigayo chitafika pamalo ochitira malonda, palibe mayi amene anati ayi, ife tisunge mwambo wa makolo. Anasenza matumba pamutu n'kupita kukagayitsa. Kenaka kunabwera makina okonola, ndipo ntchito inanso yamtondo inatha. Chigayo ndi makina achilendo, oyendera dizilo kapena magetsi, koma anayankha vuto lenileni, pamtengo umene banja lingakwanitse, ndipo akaonongeka mwini wake amadziwa kumene angapeze mmisiri. Mtondo sunafe ayi. Unangotsala ndi ntchito imene umaichita bwino, monga kusinja mtedza wa nsinjiro zothira mu nkhwani ndi mfutso. Apa mpamene pali nzeru ya amayi athu: amatenga chatsopano pamene chathandiza, n'kusunga chakale pamene chikugwirabe ntchito.

Tsono tifike pa nkhani ya moto, imene kwa ine ndiyo yaikulu. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 77 mwa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni, pafupifupi 18 amaphikira makala, ndipo ophikira magetsi anali pafupifupi 2 okha. Kwathu ku Kasungu nkhuni zili ndi mkazi mnzake wansanje, ndiye fodya. Fodya woumitsa ndi moto m'mabani amadya nkhuni usana ndi usiku kwa masiku angapo kuti bani imodzi ipse. Fodya wa bale safuna moto, koma amafuna mitengo ya mafoloko ndi mapaso omangira zigafa, ndipo chiswe chikadya pamafunika ina. Onjezanipo minda ikuluikulu ya maesiteti imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, komanso kuchuluka kwa anthu, mupeza chifukwa chake misuku, mitondo ndi miombo imene bambo amati inkazungulira mudzi wathu yatsala m'nthano zokha.

Amene amalipira ngongole imeneyi si mwini fodya ayi. Ndi mlongo wanga. Pamene ine ndinkawerenga mabuku Loweruka m'mawa, iye ankatenga nkhata ndi chingwe n'kutsagana ndi anzake kukafuna nkhuni, ndipo ankabwera dzuwa lili paliwombo, khosi litauma ndi mtolo. Nkhuni zikatha pakati pa sabata, ankajomba kusukulu kapena kufika mochedwa. Ndinkaona ngati ndi m'mene dziko linapangidwira, chifukwa ndinakula ndikuuzidwa kuti mwana wamwamuna sakhala kukhitchini. Lero ndikaganiza, ndimaona kuti mbali ina ya mwayi umene wandifikitsa ku yunivesite inagulidwa ndi mitolo imene iye anasenza. N'chifukwa chake ndikunena kuti kwathu chiwiya chofunika koposa si poto, si ketulo, koma chimene chili pansi pa poto.

Mafuwa atatu ali ndi ubwino wake, ndipo sindiwanyoza. Sagulidwa, amalandira poto wamkulu ndi wamng'ono yemwe, ndipo sagwedera povundula. Koma moto wake umabalalika mbali zonse. Mphepo ikaomba, malawi amapita kumbali n'kumatenthetsa miyendo ya wophika m'malo mwa poto. Chimene chimathetsa vutoli ndi mbaula yadothi imene imadziwika ndi dzina loti Chitetezo Mbaula, imene inayamba kufala kuchokera ku Mulanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kapangidwe kake n'kosavuta: ndi chiphika chadothi chootcha mu uvuni, chokhala ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, timitu pamwamba pokhazika poto, ndi zigwiriro zonyamulira. Dothilo limatchinga mphepo, limasunga kutentha, ndipo limatsogolera malawi kunsi kwa poto. Amene amailimbikitsa amati imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni zimene mafuwa amatha. Chinanso n'chakuti imayaka bwino ndi titsatsa, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, zinthu zimene pamafuwa zimangolilima n'kutha. Amaiumba ndi magulu a amayi a m'midzi, kotero ndalama yake imatsala komweko.

M'chaka cha 2013 boma la Mayi Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosatha nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo a Amalawi, ndipo m'chaka cha 2020 zinalengezedwa kuti chiwerengerocho chakwana. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Komabe kuwerenga mbaula zimene zagawidwa n'kosiyana ndi kuwerenga mbaula zimene zikuyaka. Ine ndaonapo ndi maso anga mbaula yolandira kwaulere itasanduka chisa choikiramo nkhuku. Nditafunsa mwini wake, mayi wachikulire wa m'mudzi mwathu, anandiyankha kuti, "Achimwene, pakhomo pano tilipo khumi ndi awiri. Poto wanga sakhalapo pakambaula kameneka." Iwo sanalakwe. Amene anabweretsa mbaulayo sanafunse kukula kwa poto. Mbaulayi ilinso ndi zofooka zina zimene tiyenera kuvomereza: ikagwa imasweka, imaphika poto mmodzi pa nthawi imodzi, pamaliro kapena paukwati siingalowe m'malo mwa mafuwa, ndipo m'mwezi wa Juni banja silingaothe moto wake monga limachitira pamoto wapoyera.

Phunziro lina lalikulu linachokera ku kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2017. Ofufuzawo ankafuna kudziwa ngati mbaula yamakono kwambiri ingachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Anatsatira ana oposa 10,000. Mabanja ena anapatsidwa mbaula ziwiri za kampani ya Philips, zokhala ndi kafani koyendera batire kokupizira moto, pamodzi ndi sola yotchajira, pamene ena anapitiriza kuphika pamafuwa. Patatha zaka ziwiri, chibayo sichinachepe mwa ana a m'mabanja olandira mbaulawo. Mwa zina, mbaulazo zinkaonongeka kawirikawiri n'kumafuna kukonzedwa, anthu ankabwerera kumafuwa pa ntchito zina, ndiponso ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga kuotcha zinyalala ndi moto wa oyandikana nawo. Utsi si nkhani yamasewera: bungwe la World Health Organization linayerekeza kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse anafa ndi matenda obwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba. Koma kafukufukuyu akutiphunzitsa kuti chida chimene chakhoza mayeso m'chipinda cha akatswiri chikhoza kulephera mayeso a pakhomo. Iwonso, monga ine ndi poto wanga wofiira, anakumana ndi funso la mthiko.

Nanga magetsi? Anzanga ena m'kalasi anditsutsa kuti ndikufuna amayi akumudzi akhalebe mu utsi pamene ife tikuwiritsa madzi ndi ketulo yamagetsi m'zipinda zathu zogona. Kutsutsa kumeneku ndimakulemekeza, chifukwa umphawi si chinthu choti tiziimbira nyimbo zoutamanda. Inenso ndimalakalaka tsiku limene mayi adzangodina batani n'kuphika opanda misozi m'maso. Pakhomo pamene pali magetsi, ketulo yamagetsi ndi yothandiza zedi, ndipo poto wamagetsi wotseka mpweya, amene amapsetsa nyemba mofulumira, akhoza kupulumutsa makala ochuluka m'matauni mwathu. Koma kalembera yemwe uja wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 ndiwo ankaunikira magetsi. Ntchito ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ya MAREP, kawirikawiri imayambira pamalo ochitira malonda, ndipo mudzi umene uli makilomita angapo kuchoka pamsewu umangoona mawaya akudutsa patali. Ngakhale amene ali nawo magetsiwo sataya mbaula yamakala. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunakula kwa nthawi yoposa chaka. Amene ankadalira hotipuleti yokha anaona zakuda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Tiziyembekeza magetsi, inde, tiziwafunsanso kwa atsogoleri athu, koma mlongo wanga sangadikire zaka khumi ali ndi mtolo pamutu.

Pali zinthu zina zing'onozing'ono zimene sitiziwerengera n'komwe ngati zida, koma zimagwira ntchito yaikulu. Chivundikiro chokwana bwino papoto chimafulumizitsa kuwira kwa madzi ndipo chimapulumutsa nkhuni. Kuviika nyemba usiku kumafupikitsa nthawi yophika mawa lake. Dengu loyalamo nsanza, udzu wouma kapena mapepala likhoza kumalizitsa kuphika: nyemba kapena mpunga zikabwata kwa kanthawi, mumaphula poto, kumukhazika m'dengumo n'kumufunditsa bwinobwino, ndipo kutentha kotsekeredwako kumapsetsa chakudyacho mayi ali kumunda. Kanyale ka sola kopachika m'khitchini kamachotsa koloboyi ndi utsi wake, ndiponso kamathandiza wophika kuona zimene akuchita madzulo. Mpeni wakuthwa ndi mwala wonolera zimapepuza kudula masamba. Kazenera kapena mpata pansi pa denga la khitchini umatulutsa utsi popanda kulipira kanthu. Zonsezi mukaziphatikiza pamodzi sizifika mtengo wa poto wanga wofiira uja.

Ngati zili zotchipa chotere, n'chifukwa chiyani makomo ambiri alibe? Yankho lake ndi lowawa, ndipo likutikhudza ife amuna. Mabelo akagulitsidwa kumsika wa fodya wa Chinkhoma, ndalama imalowa m'thumba mwa bambo. Kuchokera m'thumbamo mumatuluka njinga, wailesi, foni, malata, nthawi zina njinga yamoto, ndipo zina zimathera kumowa ku Kasungu. Zambiri mwa izi n'zofunika, sindikana. Koma sindinamvepo bambo wa m'mudzi mwathu akunena kuti chaka chino ndalama ya fodya tiyambire kukhitchini. Mayi amene anafesa nazale, kuthirira, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya yemweyo, amabwerera ku poto wobooka amene amamutseka ndi kansanza. Amene ali ndi ndalama saphika, ndipo amene amaphika alibe ndalama. Pamene mwamuna wakumbuka khitchini, amachita ngati ine: amagula chimene chamukongolera m'maso osafunsa mwini ntchito. Vuto la khitchini ya ku Lisasadzi silili kwenikweni pa kusowa kwa zida. Lili pa kusamvedwa kwa mawu a wophika.

Tsono pempho langa likupita mbali zitatu. Kwa mabungwe ndi alangizi amene amabweretsa mbaula ndi zida zina m'midzi, ndikuti musanagawe, khalani pansi ndi amayi, muone kukula kwa mapoto awo, muwalole avundulepo nsima ya banja lonse, ndipo mudzabwerenso pakatha chaka kudzaona ngati chidacho chikuyaka. Kwa makampani ogula fodya ndi alimi amene, ndikuti mtengo uliwonse wolowa m'bani kapena m'chigafa uzikhala ndi wina wobzalidwa ndi kusamalidwa mpaka ukule, chifukwa nkhalango imene ikuumitsa fodya ndi yomweyo imene ikuphika nsima. Ndipo kwa ife ophunzira, amene posachedwapa tidzayamba kulandira malipiro n'kumatumiza katundu kumudzi, ndikuti tisachite manyazi ndi dothi. Sukulu isatiphunzitse kuyeza chitukuko ndi kutalika kwa chingwe chamagetsi. Pasukulu pano tili ndi anzathu ophunzira za sayansi ndi zaumisiri. Bwanji osawatsekulira maso kuti apange mbaula yokwana poto wa anthu khumi ndi awiri, m'malo mongosirira zopangidwa kunja?

Patchuthi chapitachi ndinabwereranso kwathu, koma ulendo uno sindinanyamule kanthu kuchokera m'tauni. Ndinakhala pansi m'khitchini, utsi ukundiliza, n'kuwafunsa mayi chimene akufuna. Poyamba anadabwa, kenaka anawerenga pazala: mbaula ziwiri zadothi kuti nsima ndi ndiwo zizipsa limodzi, chivundikiro cha poto wamkulu, ndi sefa watsopano. Tinapita tonse kumsika. Mbaula anasankha okha, akuigogoda ndi chala kuti amve ngati inapsa bwino mu uvuni, monga momwe anagogodera poto wanga uja. Zonse pamodzi zinadya ndalama yochepa kuposa imene ndinataya ku Lilongwe. Madzulo ake ananditambasulira mthiko n'kunena kuti, "Popeza wafuna kudziwa, tavundula tione." Nsimayo inatuluka ya mibulu, ndipo bambo anaidya osayankhula. Koma mbaula sinagwedere, ndipo mtolo umene mlongo wanga anatola Loweruka unafika Loweruka linzake.